Zitsulo Ziwiri Mumsana mwa Esitele

Esitele Zulu anali ndi zaka 36 pamene dokotala wa mafupa ku Lilongwe anamuonetsa msana wake. Anaika chithunzi cha ekisire pagalasi lowala, ndipo Esitele anachiyang'ana nthawi yaitali osazindikira kuti kumutu ndi kuti. Fupa la msana linatsika bwinobwino kuchokera m'khosi, n'kukhotera kumanja ngati njira yolambalala chulu, kenako n'kubwerera kumanzere chakuchiuno.

"Ameneyu ndi ine?" anafunsa.

"Ndinu ndithu, mayi. Kukhotaku kwafika madigiri 64. Pa ekisire imene anakujambulani ku Mchinji zaka zitatu zapitazo kunali 55."

Esitele ankadziwa madigiri a kutentha kwa thupi ndi madigiri a ku yunivesite. A msanawa anali achilendo, koma anagwedeza mutu ngati wamva.

Msanawo unayamba kupindika ali Folomu 1, kwawo ku Mavwere. Amayi ake ankati ndi ndowa za madzi zimene anayamba kusenza ali wamng'ono, azakhali ake ankati ndi zakumtundu. Anakula nawo choncho, anakwatiwa nawo ndi Jobson, makaniko wa mathiraki pa boda ya Mchinji, ndipo anabereka nawo mwana mmodzi, Natasha, amene tsopano anali ku sekondale yogonera konko. Iye mwini ankagwira ntchito pa boda pomwepo, m'kaofesi kothandiza madalaivala kukonza mapepala a katundu. Phewa lamanja lokwera ndi nthiti zotumbuka kumbuyo anali atazizolowera. Chimene chinamutengera kuchipatala ndi ululu umene unayamba kutsikira m'mwendo wamanzere, komanso befu amene ankamugwira akangoyenda kuchokera ku ofesi kukafika pageti.

"Tidzatsegula msana kuchokera apa kufika apa," anatero dokotala, akuloza ndi cholembera. "Tidzaika zitsulo ziwiri zazitali, n'kuzimanga ku mafupa ndi masikuluu. Pakapita miyezi mafupawo adzagwirana n'kukhala ngati fupa limodzi."

"Ndiye msana udzawongoka?"

"Udzawongoka, koma osati kwathunthu."

"Ululu udzatha?"

"Udzachepa. Koma poyamba udzachuluka."

"Nanga kuwerama?"

"Gawo limene tidzamangelo silidzapindikanso. Mudzaphunzira kuwerama mwa njira ina."

Anamuuzanso zoopsa zake: kutaya magazi ambiri, bala kutukusira, ndiponso, ngakhale sizichitika kawirikawiri, kufa miyendo. Akapanda kuchita opaleshoniyo, msana udzapitiriza kupindika mpaka kupanikiza mapapo. Madokotala ena ochokera kunja anali kubwera mu Meyi kudzathandizana ndi akunoko, ndipo dzina lake linali pamndandanda. Esitele anasaina pepala, anakwera minibasi ya ku Mchinji, ndipo mpaka anadutsa pa Namitete asakudziwa ngati wamva nkhani yabwino kapena yoipa.

Jobson anamvetsera zonse atakhala pakhonde, manja akadali ndi girizi.

"Chitsulo chanji?" anafunsa.

"Sindinafunse."

"Sichichita dzimbiri? Masikuluu angati? Nanga limodzi likamasuka, amamangitsa ndani?"

"Bambo a Natasha, ine ndinapita ngati wodwala, osati ngati makaniko."

"Ndiye mwasaina bwanji osafunsa?"

Funso limenelo linamukhala pamtima masabata onse asanu ndi limodzi odikira opaleshoni. Nkhani itamveka pa boda, aliyense anali ndi zake zonena. Dalaivala wina anati mlamu wake ku Ndola anamuika zitsulo m'chiuno ndipo tsopano amasewera mpira. Mayi wogulitsa nthochi pageti anati iye amadziwa munthu amene analowa ku fiyeta, kochitira opaleshoni, akuyenda, n'kutuluka pa njinga ya olumala. Amayi a kutchalitchi anabwera kudzapemphera. Ena ankapempha kuti opaleshoni iyende bwino, ena kuti msana uwongoke wokha opaleshoni isanafike, ndipo Esitele ankati ameni kwa onse. Mng'ono wake Maggie, amene anavomera kukhala gadiyani, ankamutumizira mavidiyo pafoni. M'vidiyo ina mzungu ankavina patangotha mwezi umodzi chichitikire opaleshoni yake, m'ina mayi wina ankalira kuti bola akanangokhala.

Apongozi ake, a Nambewe, anakwera kabaza kuchokera ku Chiosya kudzamva okha.

"Mayi a Natasha, msanawu mwakhala nawo zaka zonsezi. Mwabereka nawo, mwamanga nawo banja. Lero wakulakwirani chiyani?"

"Ukundipweteka, amayi."

"Ndani amene msana sum'pweteka? Ine wanga unayamba chaka chimene ndinabereka Jobson. Komanso zitsulozo, mvula ikamadzagwa, mphenzi idzakusiyani?"

Esitele anaimbira foni namwino amene anam'patsa nambala, n'kufunsa za mphenzi ndi za dzimbiri. Namwinoyo anaseka, anati ayi, palibe zotero, kenako anamuwerengera zoti akonze. Pafunika anthu atatu okapereka magazi. Bedi likhale lalitali, losavutitsa podzuka. Kuchimbudzi asadzanjute, apeze mpando. Aziyenda tsiku ndi tsiku, azidya bwino, ndipo mapiritsi a ululu amene ankamwa awasiye kutatsala sabata imodzi.

Jobson sanavomereze opaleshoniyo ndi pakamwa, koma anayamba kugwira ntchito. Anakweza bedi ndi njerwa. Anawotcherera mpando wachitsulo woboola pakati n'kukauika pachimbudzi chokumba kuseri kwa nyumba. Anadula chitsulo china chachitali n'kumangirirako tsache. Esitele ankaona zinthu zimenezi zikuwonjezeka pakhomo n'kumamva ngati akukonzekera mlendo wodwala amene iye sakum'dziwa. Atasiya mapiritsi ululu unakula kwambiri moti tsiku lina anaganiza kuti apongozi ake akunena zoona, angousiya msanawo. M'mawa mwake, chifukwa cha ululu womwewo, anaganiza kuti bola opaleshoniyo ikanakhala lero.

Anam'goneka m'chipatala Lolemba. Jobson ndi Benedict, mnzake wa Esitele wa ku ofesi, anapereka magazi. Magazi a Maggie anawakana, akuti ndi ochepa, ndipo wachitatu anakhala msuweni wawo wa ku Area 25 amene anali asanaonane naye zaka zisanu. Lachiwiri Esitele anasala kudya, anam'veka chovala chotsegula kumbuyo, anadikira mpaka masana, kenako anauzidwa kuti bedi la kuchipinda cha odwala kwambiri lalowa munthu wa ngozi, ndiye adikire kufika Lachinayi. Maggie anati mwina ndi Mulungu akuwaletsa. Patapita kanthawi anati mwina ndi Mulungu akuwasankhira tsiku labwino.

Lachinayi anamutenga m'mawa. Chomaliza chimene anakumbukira ndi munthu wovala chophimba pakamwa akumufunsa dzina la mwana wake.

Anadzidzimuka atagona pathabwa. Ndi mmene anamvera: thabwa lolimba, lozizira, ngati wina wam'mangirira pachitseko kuyambira m'khosi mpaka m'chiuno. Pakhosi panali pouma, m'manja munali madilipi, ndipo makina ena ankalira pafupi ndi khutu lake. Anaganiza kuti ndi thiraki ikubwerera m'mbuyo.

"Auzeni adikire," anatero. "Netiweki yavuta."

"Mayi Zulu, muli kuchipatala. Opaleshoni yatha."

"Chotsani thabwali."

"Palibe thabwa, mayi. Ndi msana wanu."

"Ayambe liti?"

"Yatha kale. Yatenga maola asanu ndi awiri. Tagwedezani zala za kumapazi."

Esitele anatuma zala zake kuti zigwedezeke. Mapaziwo anali kutali kwambiri, ngati a munthu wina wa pabedi lina, ndipo sankatha kudzutsa mutu kuti awaone. Anangomva Maggie, amene anam'lola kulowa kwa mphindi zochepa, akuyamba kulira kumiyendo kwa bedi.

"Maggie, ukulira chiyani?"

Maggie anangopitiriza kulira.

"Iwe Maggie! Zagwedezeka kapena ayi?"

"Zagwedezeka, achemwali. Zonse khumi."

"Ndiye ukuliriranji?"

"Kaya."

Masiku awiri otsatira anasakanikirana. Ululu unali wa mtundu wina, wosafanana ndi umene anauzolowera, ndipo mankhwala ankam'gonetsa pakati pa chiganizo. Jobson anabwera, anaona chithunzi chatsopano cha ekisire, anawerenga masikuluu n'kupeza 22. Anayang'anitsitsa kwa nthawi yaitali n'kunena kuti, "Ntchito yake ndi yaukhondo." Esitele sanadziwe ngati zimenezi zinachitikadi kapena analota, mpaka Maggie atam'tsimikizira.

Tsiku lachitatu kunabwera mayi wina wa fizo, wothandiza odwala kulimbitsa thupi, dzina lake Lonjezo, wochepa thupi koma wa manja amphamvu.

"Lero tiimirira."

"Ine? Anditsegula dzanadzanali."

"N'chifukwa chake. Mukagonetsa, mapapo ndi miyendo zidwala. Koma mverani: miyezi ikubwerayi musawerame, musanyamule cholemera kuposa ketulo ya madzi, musapotokole thupi. Potembenuka, mapewa ndi chiuno ziziyendera limodzi ngati chipika."

Anam'gubuduza cham'mbali, anatsitsa miyendo yake pansi, n'kum'kankha kuti akhale tsonga. Chipinda chinazungulira. Esitele anasanza m'beseni, anapuma, kenako atagwira Lonjezo mbali ina ndi Maggie mbali ina, anaimirira.

Chinthu choyamba chimene anaona ndi pamutu pa Maggie, pamene tsitsi lake la mesh linayamba kumasuka. Chibadwire Maggie ndiye anali wamtali.

"Wavula nsapato?"

"Ayi, achemwali. Mwatalika ndinu."

"Ndikugwa! Gwireni, ndikugwera kumanzere!"

"Simukugwa," anatero Lonjezo. "Mwaima chilili."

"Ndapendekeka. Ndikumva ine mwiniwake."

Lonjezo anam'yendetsa mapazi asanu mpaka pagalasi la pamwamba pa sinki. Mmenemo munali mayi wotuwa milomo, wa mapewa ofanana ndi khosi lalitali. Esitele anayesa kudziwongola mmene ankamvera kuti ndi mowongoka, ndipo mayi wa m'galasiyo anapendekera kumanja.

"Mwaona? Thupi lanu lakhala zaka zoposa makumi awiri likudziwa kuti kupendekeka ndiye kuima bwino. Lipatseni nthawi. Panopa khulupirirani galasi."

"Ndikhulupirire galasi, ndisiye thupi langa?"

"Kwa miyezi ingapo, eya."

Anamutulutsa tsiku lachisanu ndi chinayi. Benedict anabwereka galimoto, anagonetsa mpando wakutsogolo, ndipo ulendo wa maola awiri unatenga anayi chifukwa ankaima pafupipafupi kuti Esitele atsike, ayende pang'ono. Hampu iliyonse ankaimva m'mano.

Kunyumba anapeza zovuta zimene palibe anam'chenjeza. Madiresi ake onse anasokedwa ndi Aleck, telala wa pamsika wa pa boda, amene kwa zaka khumi ankadula mbali yamanja motalikirapo ndi kusiya malo a nthiti kumbuyo, kuti diresi ligwe mofanana. Tsopano diresi lililonse linkalendewera mbali imodzi ndipo kumsana linkachita thumba. Anangoyamba kuvala malaya a Jobson ndi chitenje. Khungu la m'mbali mwa bala linali lakufa. Pankayabwa, koma akakanda sankamva chala chake. Kuzizira kwa mu Juni kunkalowa mumsana n'kukhazikika momwemo. Sopo akagwa kubafa ankangomuyang'ana, n'kuitana Maggie. Ankayenda m'mawa ndi madzulo, poyamba kukafika pampanda, kenako pachigayo, ndipo anthu amene ankam'dziwa ankam'patsa moni mochedwa, atayamba am'yang'ana kawiri.

Ululu wa m'mwendo unatha, umenewo sanaumvenso. Koma kutopa kunali kwakukulu, ndipo pakati pa mapewa pankawotcha madzulo aliwonse. Anthu akam'funsa kuti, "Ndiye mwachira?" sankadziwa poyambira. Akati eya, ankadabwa kuti nanga bwanji sakuphika. Akati ayi, ankati, "Paja tinanena."

Maggie atabwerera kwawo patatha mwezi, a Nambewe anabwera kudzakhala sabata imodzi. Esitele anawalandira ataima pakhomo. Zaka zonse ankawagwadira powapatsa moni ndi powapatsa madzi, ngakhale msana unkapweteka. Tsopano anangotambasula dzanja ali chiimire, akuwayang'ana kuchokera pamwamba.

"Pepani amayi, sanandilole kuwerama."

"Tamva," anatero a Nambewe. Sabata yonseyo anasesa, anaphika, anachapa, koma sanacheze naye kwenikweni, ndipo Esitele sanathe kudziwa ngati akwiya, akumumvera chisoni, kapena akuchita naye manyazi ngati mlendo.

Patatha masabata asanu ndi anayi chichitikire opaleshoni, amalume ake a Jobson, mchimwene wa a Nambewe, anamwalira ku Chiosya. Jobson anati Esitele atsale. Esitele anati akatsala anthu adzati zitsulo zam'patsa matama. Anaimbira Lonjezo, amene anati angathe kupita ngati galimoto iziyenda pang'onopang'ono, koma asakakhale pansi.

Anafika chakum'mawa, tsiku loika. Azibambo anali pamipando ndi pamabenchi pansi pa mitengo, azimayi anadzaza m'nyumba ya siwa ndi pabwalo lonse, atakhala pansi miyendo ili tambalale. Mkazi wofika pamaliro amalowa chowerama, n'kudzigwetsa pakati pa anzake, n'kulira nawo. Esitele anafika pakhomo la siwa n'kuima. Misozi inkatsika ndithu, chifukwa malemuwo ankamukonda, koma analira ali njo, mutu wake uli pamwamba pa wina aliyense. Nyimbo inatsika pang'ono. Anamva wina kumbuyo akunong'ona kuti, "Ndi ndani ameneyu?" ndipo wina anayankha, "Akazi a Jobson. Aja opindika aja." Woyambayo anati, "Bodza."

Jobson anabwera ndi mpando wapulasitiki n'kuima nawo, osadziwa pouika. Kwa azibambo sikukanatheka. Pakati pa azimayi ukanaoneka ngati wa mlendo wolemekezeka. Anauika pakatikati, pambali pa nkhokwe, pamalo opanda munthu, ndipo Esitele anakhala pamenepo yekha, dzuwa likumuwomba, maso a mbali zonse ziwiri ali pa iye. Anaganiza zopita kukakhala m'galimoto. Anaganizanso zongodzigwetsa pansi, zitsulo zikathyoka zithyoke.

Patapita nthawi a Nambewe anatuluka m'siwa, maso ali ofiira. Anayenda mpaka pankhokwepo.

"Dzukani, mayi a Natasha. Tiyeni kuseri."

Esitele anadzuka akuganiza kuti akukam'dzudzula. A Nambewe ananyamula okha mpandowo, ndipo podutsa anakodola azimayi anayi achikulire. Kuseri kwa khitchini, kumene kunalibe amuna, anamuuza kuti atembenuke.

"Aonetseni."

"Amayi?"

"Aonetseni balalo. Ine ndinaliona tsiku lija mumasamba. Awa akuti mwayamba kunyada."

Esitele anamasula mabatani, a Nambewe anakweza malaya kumbuyo. Chipsera chinayambira pansi pa khosi n'kutsika mowongoka mpaka m'chiuno, chofiirira, chotupa pang'ono. Azimayiwo anayandikira. Mayi wina anati, "Mayo ine," motsitsa. Wina anafunsa ngati angakhudze, ndipo Esitele anavomera, koma sanamve chala chake, anangodziwa kuti wakhudza atamva akuti, "Kulimba kwake ngati mpini."

"Munthu anam'ng'amba chonchi," anatero a Nambewe, "ndiye mukufuna akhale pansi kuti mukondwe? Ine ndinam'letsa, sanandimvere. Koma poti zachitika, mpandowu ukalowa m'siwa, pambali panga."

Anatsitsa malayawo n'kumuthandiza kumanga chitenje. Azimayi atatu anabwerera kumaliro, koma mmodzi anatsalira. Anali a Eliza, msuweni wa Jobson, mayi wolima mtedza ndi fodya konko ku Chiosya. Anadikira kuti a Nambewe apite patsogolo ndi mpando, kenako anayandikira.

"Alamu, ndili ndi mwana wamkazi, ali Sitandade 8. Chaka chino ndaona kuti siketi yake ikukhala mokhota. Ndinkati ndi telala. Ndiye tsiku lina akuchapa atawerama, ndinaona mbali imodzi ya msana yakwera." Anatsitsa mawu. "Inu mwadutsamo. Ndiuzeni, n'zabwino zimene anakuchitanizi? Mukanadziwa, mukanapitabe?"

Esitele anatsegula pakamwa. Anaganiza za mwendo umene unasiya kupweteka, za sopo wa kubafa, za befu amene sanam'gwire poyenda kuchokera pamsewu kufika pano, za moto wa pakati pa mapewa umene unali utayamba kale ngakhale kunali kusanafike masana.

"Sindikudziwa, alamu," anatero. "Kunena zoona, sindinadziwebe. Masiku ena ndimati ndinachita bwino, masiku ena ndimafuna msana wanga wakale. Koma mwanayo pitani naye akamuone msanga. Adokotala anandiuza kuti ine ndikanabwera ndili wamng'ono, mwina sizikanafika apa. Mwina kwa iye sipafunika mpeni. Ndikupatsani nambala ya anamwino."

"Ndiye mukuti ndipite naye?"

"Kukamuonetsa, eya. Zinazo mukamve konko, ndipo mukafunse mafunso ambiri kuposa amene ndinafunsa ine."

A Eliza analemba nambalayo pachikutiro cha buku la nyimbo. Esitele anakhala m'siwa pampando wake mpaka nthawi yonyamula maliro, a Nambewe atatsamira mutu pabondo lake. Kumanda sanapite. Atafika kunyumba anagona masiku awiri osatha kuyenda ngakhale kukafika pampanda.

Mu Ogasiti anapita ku Lilongwe kukaonedwanso. Dokotala anati zitsulo zili m'malo mwake, madigiri atsika kufika 26, koma mafupa sanamalize kugwirana, pafunika chaka kapena kuposerapo. Anamulola kuyamba ntchito theka la tsiku, bola azidzuka pampando pakatha mphindi makumi atatu zilizonse. Lonjezo anam'phunzitsa kutsika ndi mawondo msana uli chiwongokere, ndi kupinda m'chiuno m'malo mwa pamsana. Zoti wapendekera kumanzere ankazimvabe, makamaka akatopa, koma anasiya kugwira zipupa.

Anabwerera ku ofesi sabata yoyamba ya Seputembala, atavala diresi latsopano limene Aleck anamuyeza kawiri chifukwa sanakhulupirire tepi yake. Mzere wa mathiraki unali utafika kutali, fumbi lili koboo, osintha ndalama akuitanira pageti monga kale. Benedict anali atakweza kompyuta yake pamabokosi awiri a mapepala kuti asamaweramitse khosi.

Chakumasana kunalowa dalaivala wina wa ku Chipata, bambo wonenepa amene ankadutsa ndi simenti kawiri pamwezi. Esitele anam'konzera mapepala kwa zaka zinayi. Bamboyo anaima pakauntala, anayang'ana Esitele, anayang'ana Benedict, n'kuyang'ananso m'chipinda monse.

"Nifuna amai aja enze kunkhala apa," anatero m'Chinyanja cha kwawo. "Afupi so, opendama. Ndiye amadziwa mapepala anga. Anayenda kuti?"

"Ndine, a Tembo," anatero Esitele.

Bamboyo anaseka. "Awe, imwe ndimwe a sisita awo. Nkhope ni imodzi, koma aja enze afupi."

"Ndine ndemwe. Thiraki yanu ndi yoyera, ngolo yake yabuluu, ndipo nthawi zonse mumaiwala pepala la inshuwalansi m'galimoto."

A Tembo anasanthula mufayilo yawo. Pepalalo munalibe. Anam'yang'ananso Esitele kuyambira kumutu mpaka pamene kauntala inam'bisa.

"Mwachita bwanji?"

"Ndi nkhani yaitali. Katengeni pepalalo, mzerewu ukukula."

Anatuluka akupukusa mutu, ndipo ali pakhomo anacheukanso. Benedict anaseka mpaka kutsokomola. Esitele sanaseke nawo kwenikweni. Anayang'ana wotchi, anaona kuti mphindi makumi atatu zakwana, anagwira m'mphepete mwa tebulo n'kuimirira, ndipo anayamba kulemba nambala ya thirakiyo ali chiimire.